Kodi Makutu ndi Mano Si Ziwalo za Munthu Wokalamba?

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira Lachiwiri kuti ndisalembe kanthu ndili wokwiya, koma mkwiyowo wakana kuphwa, choncho ndilemba momwemo. Apongozi anga aamuna ali ndi zaka 74, ndipo anagwira ntchito kuno ku America kwa zaka zoposa 30 m'fakitale momwe makina ankalira usana ndi usiku. Makutu awo anayamba kufooka kalekale, koma chaka chino zafika poti mdzukulu wawo akamawafotokozera za kusukulu, iwo amangogwedeza mutu n'kumamwetulira, ndipo mwanayo wazindikira kuti agogo ake sakumva kanthu, moti wasiya kuwafotokozera. N'chifukwa chake ndinawatengera kwa katswiri woyeza makutu.

Kumeneko anawalowetsa m'kachipinda kotsekedwa bwino kuti phokoso la kunja lisalowe, anawaveka mahedifoni, n'kuwauza kuti azikweza dzanja nthawi iliyonse akamva kulira. Ine ndinali kunja, ndikuwayang'ana pagalasi. Katswiri uja ankadina batani, kudinanso, kudinanso, koma dzanja lija linangokhala phee pabondo, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene akudikira kuti kuyezako kuyambe. Atamaliza, anatisonyeza pepala lokhala ndi mzere wotsetsereka ngati njira yotsikira kuchigwa, n'kunena kuti makutu onse awiri akufunika zida zothandiza kumva, zimene mtengo wake unapitirira madola 4,000. Apongozi anga sanade nkhawa ngakhale pang'ono. Anapisa m'thumba n'kutulutsa khadi lawo la Medicare, inshuwalansi ya boma ya umoyo wa okalamba, lija lofiira, loyera ndi labuluu, limene amalisunga m'kapulasitiki ngati chikalata cha nyumba. Mayi wa padesiki anawauza mwaulemu kuti khadilo lithandiza pa kuyeza kumene kwachitikako, koma pa zidazo silipereka ngakhale senti imodzi. Iwo sanamve. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani, mwananga?" Ndipo ine, pamaso pa anthu onse amene ankadikira m'chipindamo, ndinachita kuwerama n'kukuwa m'khutu mwa munthu amene ndimamupatsa ulemu wonse kuti, "Bambo, akuti khadi lanu sililipira zida za m'makutu." Anafunsanso kachiwiri, ndipo ndinabwereza mokweza kuposa poyamba.

Mayi uja sindikumuimba mlandu, chifukwa ananena zimene lamulo limanena. Chimene chikundiwawa ndi lamulolo, limene limatcha chinthu ichi kuti inshuwalansi ya okalamba pamene linasiya kunja zinthu zimene ukalamba umayambira kulanda. Munthu akamakula, choyamba kuchoka ndi mano, maso ndi makutu, ndipo zimenezi mwana aliyense amene anakhalapo ndi agogo amazidziwa popanda kupita kusukulu ya udokotala. Inshuwalansi imene imalipira kuti katswiri akuuzeni kuti mwagontha, kenako n'kukana kulipira choti mumvere, ikuseka munthu wokalamba. Ine sindikuona dzina lina loyenera kuipatsa.

Medicare si chinthu chongoyamba dzulo chimene tinganene kuti eni ake akanali kuphunzira. Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamuloli pa 30 July 1965 mumzinda wa Independence ku Missouri, ndipo khadi loyamba analipereka kwa Harry Truman, amene ali pulezidenti anapempha inshuwalansi ya umoyo ya dziko lonse mu 1945 koma osaphula kanthu. Tsiku limenelo Truman anali ndi zaka 81. Ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba lenilenilo, anthu olemba lamulo anali ndi nkhalamba patsogolo pawo, akuiona ndi maso, koma analembabe kuti zida zothandiza kumva, magalasi a maso ndi chithandizo cha mano siziwerengedwa. Ena amati panthawiyo zinthu zimenezi zinkaoneka ngati zazing'ono ndiponso zosadula kwambiri. Chabwino, zinali za 1965. Nanga zaka 60 zonse zimene zadutsa, palibe amene anaona kuti nkhalamba ili ndi mutu?

Ndipo munthu asaganize kuti apongozi anga anapita kumeneko kukapempha zaulere. Pa malipiro aliwonse amene analandira m'fakitale muja ankadulidwa msonkho wa Medicare, umene ndi 1.45 peresenti kwa wogwira ntchito ndi 1.45 peresenti ina kwa womulemba ntchito. Lamulo limafuna zaka 10 za msonkho umenewu kuti munthu akafika zaka 65 asamalipire mwezi ndi mwezi gawo la kugonekedwa m'chipatala, lotchedwa Part A, koma iwo anapereka kuwirikiza katatu. Kuwonjezera apo, gawo la madokotala, la Part B, limadulidwa pa ndalama yawo ya penshoni ya boma ya Social Security mwezi uliwonse isanafike n'komwe m'manja, ndipo mu 2025 linali madola 185 pamwezi, komanso akaonana ndi dokotala amatsala ndi 20 peresenti ya bilu yoti alipire okha. Munthu wapereka ali mnyamata, akuperekabe ali nkhalamba, makutu anawasiya m'ntchito yomweyo imene inkatulutsa msonkhowo, ndipo lero akuuzidwa kuti makutuwo ndi nkhani yake. Uku n'kumudyera munthu masuku pamutu ali maso.

Mukaliwerenga lamuloli mofatsa mumadabwa ndi mmene linamuduladula munthu. Ngati diso lachita ng'ala, Medicare imalipira opaleshoni, ndipo imaperekako magalasi kamodzi pambuyo pa opaleshoniyo, koma ngati diso langofooka ndi ukalamba moti munthu sakutha kuwerenga dzina la mankhwala pabotolo, magalasiwo agule yekha. Ngati munthu wagontheratu mpaka kufunika opaleshoni yomuikira kachida mkati mwa khutu, imalipira, koma kachida kongoika pakhutu kamene kakanamuthandiza zaka zambiri asanafike pamenepo, ayi. Mano amayang'anidwa pokhapokha ngati akulepheretsa chithandizo china chachikulu, monga kumuika munthu chiwalo china kapena kumukonza mtima, koma dzino lobowoka la nkhalamba wamba, kapena mano oikirira oti atafunire chakudya, palibe. Dzino lomwelo likawola mpaka mafinya kulowa m'magazi, munthu n'kugonekedwa m'chipatala, pamenepo ndalama zimapezeka, ndipo zimatuluka zochuluka kuposa zimene zikanamata dzinolo. Nkhalamba ikalephera kuona sitepe n'kugwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndalama za opaleshoni zilipo, koma za magalasi oti ione sitepeyo kunalibe. Boma limadikira kuti munthu agwe kaye kuti limuone.

Madokotala ofufuza za matenda oiwalaiwala a ukalamba akhala akunena kuti kusamva ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimawonjezera chiopsezo cha matendawa, ndipo ine sindifuna kafukufuku kuti ndikhulupirire zimenezo, chifukwa ndikuziona m'nyumba. Munthu amene ankatsogolera nkhani patebulo tsopano amadya mofulumira n'kukagona, pothawa manyazi ofunsa kuti "mwati bwanji?" kasanu pa nkhani imodzi. Foni ya ana awo salandira. Dokotala wawo wa matenda a shuga akamafotokoza za mankhwala, amavomera zonse, ndipo potuluka amandifunsa kuti anena kuti amwe angati. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limenelo lizimitsa bwanji moto umene silikumva kuti wabuka?

Tsono chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi mkangano wa andale pa za kusintha chithandizo cha umoyo m'dziko lino, umene sutha ndipo umatentha chisankho chilichonse chikayandikira. Mbali ina imati Medicare ifalikire kwa aliyense, mbali ina imati boma lichepetse dzanja lake n'kusiyira makampani, ndipo onse amatikumbutsa kuti thumba la Part A likhoza kuperewera m'zaka za m'ma 2030. Amakangana pa wailesi yakanema mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, aliyense akulumbira kuti iye ndiye woteteza okalamba, koma nkhalamba imene akuitetezayo yakhala kutsogolo kwa wailesiyo osamva ngakhale liwu limodzi la zimene akunena. Chisankho chikatha, nkhani ya mano ndi makutu imakhala yoyamba kugwa m'thumba.

Asatiuze kuti lamuloli silingakhudzidwe, chifukwa akafuna amalikhudza. Poyamba Medicare sinkalipira mankhwala okamwera kunyumba, koma mu 2003, nthawi ya George W. Bush, anakhazikitsa gawo la Part D, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2006. Mu 2022, nthawi ya Joe Biden, anakhazikitsa lamulo loti insulin isapitirire madola 35 pamwezi kwa anthu a pa Medicare, ndiponso loti kuyambira mu 2025 ndalama zimene munthu amatulutsa m'thumba mwake pa mankhwala a Part D zikhale ndi malire a pachaka, amene mu 2025 anali madola 2,000. Zimenezi n'zabwino, ndipo apongozi anga, monga wodwala shuga, apindula nazo, sindikana. Koma zomwezo zikusonyeza kuti cholembera chilipo ndipo inki ilimo. Mu 2021 panali bilu yaikulu imene poyamba inkafuna kuikamo mano, maso ndi makutu. Pokambirana za ndalama, mano ndi maso anazichotsa, n'kutsala makutu okha, ndipo biluyo inadutsa m'nyumba ya aphungu mu November chaka chimenecho, koma inakafera ku Senate, nyumba inayo ya malamulo. Lamulo limene linatuluka chaka chotsatira linalibe makutu n'komwe. Dziko limene mu 2023 linagwiritsa ntchito madola pafupifupi 4.9 thililiyoni pa zaumoyo, ndalama zoposa za dziko lina lililonse padziko lapansi, likuti lilibe ndalama zoti nkhalamba imve mawu a mdzukulu wake. Ine zimenezo sindingazimeze.

Ndikudziwa kuti ena abwera kudzandiuza za Medicaid, chithandizo cha boma cha umoyo wa anthu osauka. Tinafunsa, ndipo tinapeza kuti ka penshoni ka apongozi anga kakuwaika pamwamba pa malire, kutanthauza kuti ndi osauka moti sangagule zidazo koma si osauka mokwanira kuti athandizidwe, komanso chithandizo cha Medicaid pa makutu ndi mano chimasiyana malinga ndi chigawo chimene munthu akukhala. Ena anena kuti kuyambira October 2022 zida zothandiza kumva zimagulitsidwa m'masitolo popanda kalata ya dokotala. N'zoona, koma zimenezo n'za anthu amene makutu awo angoyamba kumene kufooka, osati munthu amene dzanja lake linangokhala pabondo m'kachipinda kaja, ndipo ngakhale zimenezo amalipira ndi mwini makutu. Asilikali opuma amene ali pa chithandizo cha boma cha asilikali akale amapatsidwa zidazi, ndipo n'koyenera kutero, koma zikungotsimikizira kuti boma lomweli limadziwa bwino lomwe kuti kumva ndi chithandizo cha umoyo. Likudziwa, koma lasankha kuti kwa nkhalamba zina zonse makutu akhale ngati zokongoletsera.

Ndipo inu achinyamata amene mukuwerenga izi n'kumati ndi nkhani ya agogo, tsegulani pepala la malipiro anu muone mzere wolembedwa Medicare, chifukwa mukulipira kale khadi lomweli, ndipo tsiku lina mudzalitulutsa m'thumba ndi chikhulupiriro chomwecho chimene apongozi anga anali nacho Lachiwiri. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Anthu oposa 65 miliyoni ali pa Medicare lero, ndipo onsewo ali ndi mkamwa, ali ndi maso, ali ndi makutu, koma khadi lawo linalembedwa ngati kuti munthu amayambira m'khosi kutsika m'munsi.

Pamene ndili pomwepa, ndinenenso za makampani a Medicare Advantage, amene amapereka chithandizo cha Medicare m'malo mwa boma, chifukwa ndikudziwa kuti limenelo ndilo yankho limene ambiri ali nalo pakamwa. Inde, mapulani ambiri a makampaniwa amalonjeza mano, magalasi ndi zida za m'makutu, ndipo n'chifukwa chake oposa theka la anthu oyenera kulowamo anasamukira kumeneko. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama za mano nthawi zambiri zimakhala ndi malire a pachaka amene amatha munthu asanamalize kukonzetsa mkamwa, madokotala muyenera kusankha pa mndandanda wawo, ndipo chithandizo china chimadikira kuti kampani ivomereze kaye. Titayang'ana mapulani a kudera lathu, dokotala wa shuga amene wakhala akuona apongozi anga kwa zaka zambiri sanali pa mndandanda wa pulani imene inkapereka zida zabwino, ndiye kuti munthu asankhe pakati pa makutu ake ndi dokotala amene amadziwa thupi lake. Nyengo yosintha mapulani, kuyambira pa 15 October mpaka pa 7 December, ikafika, bokosi la makalata limadzaza mpaka kukana kutsekeka, ndipo mawu olonjeza amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamene malire ndi zoletsa zimabisidwa m'munsi ndi tizilembo tonga nyerere, tolembera anthu amene magalasi awo palibe akuwalipirira. Foni nayonso imalira kuyambira m'mawa, anthu osawadziwa akufuna kulankhula ndi apongozi anga za mapulani, ndipo chaka chatha wina anawasunga pafoni kwa mphindi 20, iwo akungoti "inde, inde" osamva kanthu, mpaka ndinachita kuwalanda foniyo.