Mafuta athu amadzera pakhomo pa eni

Mlamu wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Limbuli ndi Muloza. Kumapeto kwa 2024, ku Mozambique kutabuka zipolowe za chisankho, ndinamupeza m'mamawa atagona pa njinga yake pamzere wa petulo, atafunda jekete kumutu, chishalo chitanyowa ndi mame. Anafika dzulo lake masana. Dzuwa litakwera anawauza kuti mafuta atha, iye n'kukagula a m'zigubu pamtengo woboola m'thumba. Ndalama zakunja zinkasowa kale, koma mathanki atayamba kuima panjira ya ku Tete zinthu zinafika posauzana.

Abale anga, ife tilibe doko. Petulo ndi dizilo wathu amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Kwa anzathuko kukangovuta, kuno chigayo cha dizilo chimazima, amayi n'kubwerera ndi chimanga pamutu. Akuluakulu a kuno ku Mulanje zimenezi sachita kumva. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinadulidwa, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban, ndipo dziko lino linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ena anawolokera pompano, kuchokera ku Milange.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva anthu akuti tingokumba mafuta m'nyanja ya Malawi, mavuto atha. Mu 2011 boma linapatsa kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo. Pofika 2012 mkangano wa malire ndi Tanzania, womwe unali utazirala, unayakanso. Ife timaimira pa pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany, loti malire ali m'gombe la kum'mawa, iwo amati ali pakati pa madzi. Ineyo ndimakhulupirira kuti nyanjayo ndi yathu, sindibisa. Koma amene tikukangana nayeyo ndi yemweyo mathanki athu amakatunga mafuta padoko pake. Tikayambana naye, petulo adzera kuti?

Taonani ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Gasi atapezeka, anthu ankayembekezera chuma, koma kuyambira 2017 kuli mfuti, ndipo mu 2021 tauni ya Palma inaukiridwa mpaka kampani ya gasiyo, TotalEnergies, inaimitsa ntchito. Sudan ndi South Sudan anamenyana mu 2012 polimbirana zitsime za mafuta za ku Heglig.

Ndikanakonda mphamvu zathu zipite pochepetsa ludzu la mafutali. Ethanol wa nzimbe timapanga kale ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, bwanji osawonjezera? Nkhokwe za NOCMA, kampani ya boma yosunga mafuta, ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zizikhala zodzadza nthawi ya mtendere. Mtsinje wa Ruo, womwe umatsika m'phiri lathuli, ukupereka kale magetsi. Mlamu wanga akuti atapeza njinga yotchaja ku magetsi amenewo, sangadzagonenso pamzere.