Denmark, Sweden ndi Norway: mafilimu awo si amodzi

Ambiri amaika mafilimu a maiko atatuwa m'thumba limodzi, amvekere ndi aulesi, amdima, anthu ake saseka. Koma kusiyana kulipo, ndipo kumachokera pa kajambulidwe ndi komwe ndalama zimachokera.

Denmark ndiyo ili ndi nkhani zolimba. Mu 1995 Lars von Trier ndi Thomas Vinterberg anakhazikitsa malamulo a Dogme 95: kamera igwiridwe pamanja, kujambula kuchitikire pamalo enieni osati mu situdiyo, osabweretsa magetsi apadera, osaika nyimbo pambuyo pojambula, ndipo dzina la wotsogolera filimu lisalembedwe. Zotsatira zake zimaoneka mu Festen ya 1998, filimu ya Vinterberg yonena za banja lokangana paphwando, yomwe inapata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Chithunzi chimagwedera, zochitika za usiku zimatuluka zamchengamchenga chifukwa kuwala n'kochepa, mawu nthawi zina amamira m'phokoso la mbale ndi mafoloko. Komabe poti palibe nyimbo yokuuza polira kapena poseka, katundu yense amagwera osewera ndi wolemba nkhani. Nkhani ikakhala yofooka palibe pobisala, n'chifukwa chake mafilimu ambiri otsanzira njirayi anaiwalika msanga. Dogme inatha kale, koma mwambo wa banja lokangana patebulo unatsala. Filimu ina ya Vinterberg, Another Round, inatenga mphoto ya Oscar mu 2021.

Sweden imadalira kwambiri diso la munthu mmodzi. Ingmar Bergman ankaika kamera pafupi ndi nkhope n'kudikira. Roy Andersson amamanga msewu wonse mu situdiyo, kamera osaisuntha, anthu nkhope zopakidwa zoyera. Ruben Östlund, amene anapambana Palme d'Or, mphoto yaikulu ya ku Cannes, mu 2017 ndi 2022, amatalikitsa dala chochitika chochititsa manyazi mpaka woonera kusowa poyang'ana. Vuto lake, kwa ine, n'loti nthawi zina ganizo limakula kuposa anthu a m'nkhaniyo, umasilira koma mtima osakhudzika. Pa ndalama, kuyambira 1963 gawo la 10 peresenti la tikiti iliyonse m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera makanema linkapita ku Swedish Film Institute, bungwe lothandiza opanga mafilimu. Mu 2017 dongosololi linatha, boma n'kutenga udindowo, msonkho wa tikiti n'kukwera kufika 25 peresenti.

Norway inayenda njira ina. Lamulo la 1913 linapatsa makhonsolo mphamvu pa nyumba zoonetsera makanema, ambiri n'kuzitenga kukhala zawo, ndipo phindu linkathera pa ntchito za khonsolo m'malo mobwerera kwa opanga mafilimu. Anachedwa kukula, koma lero saopa filimu yokokera gulu: The Wave ya 2015 ndi ya phiri logumukira m'nyanja ku Geiranger. Mbali inayi kuli Joachim Trier ndi nkhani zake za achinyamata a mu Oslo.

Woyamba kumene ayambire ku Denmark. Musankhe yokhala ndi mawu olembedwa pansi, osati yoikidwa mawu a Chingerezi, chifukwa kung'ung'udza ndi kukhala chete kwa osewera n'kumene kumanyamula theka la nkhani.