Nanga Gift Ngoepe mwamusiya bwanji?

Akulu, pomwe mwati osewera baseball oyenera kusunga masaini awo ndi aku America okhaokha, apo ndiye ndakana. Nanga Gift Ngoepe? Anakulira kuno ku Joni mu kachipinda ka pa kalabu ya Randburg Mets komwe mayi ake ankagwira ntchito, mu April 2017 anasewerera timu ya Pittsburgh Pirates, woyamba wobadwira mu Africa kufika mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, ndipo atangogwira bati koyamba anamenya mpira mpaka kufika pa first base, malo oyamba omwe womenya amathamangirako. Anzanga ogula zinthu zosainidwa ndi osewera muzifunsa satifiketi, ine ndinagula mpira kwa mkulu wina akuti anasaina Gift yemweyo, pepala palibe, pano inki ikufufutika ndipo ndikamauyang'ana pa shelefu mtima umandiwawa.