Inu ogulitsa mtedza wonse kenako nkumati ma ARV sakugwira, tamverani

Ana anga lero ndilankhula, okwiya akwiye. Dzulo pa Kamwendo ndaona bambo wina, dzina sinditchula, ali pamankhwala ndithu, wakweza matumba a mtedza panjinga ulendo kwa mavenda, soya anagulitsa kalekale, madzulo ndikumupeza ali khale pakachasu mmimba muli gwa. Kunyumba ndiwo ndi mchere. Mawa akayamba kuonda muzamva ati mankhwalawa akundipweteka. Akukupwetekani ndi mankhwala kapena ndinu nokha bambo?

Ma ARV tikulandila ulele kuyambira 2004, ntchito yake ndi kupondeleza kachilombo ka HIV kuti kasaswane, ndipo palibe chakudya kapena chitsamba chingalowe mmalo mwake, osasiya kumwa. Koma asilikali a mthupi aja amati CD4, magazi, minofu, zonsezi zimafuna chakudya. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ananena kuti munthu wamkulu amene ali ndi kachilombo amafunika kudya moonjezera ndi 10 pa 100 ngakhale asakudwala, akadwala nde mpaka 20 kapena 30. Inu mukuchita kuchepetsa, nde TB ikabwera ikupezani muli ndi chani?

Magulu 6 a zakudya aja amatiuza kuchipatala sikuti ndi za anthu a ku Lilongwe ayi. Nkhwani wotendera, bonongwe, nyemba, kausipa, dzira limodzi la nkhuku zomwe zikungoyendayenda pakhomopo, phala la soya mmawa, papaya, gwafa. Zambiri mwa izi zili kuseri kwa nyumba kwanu komweko.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi, mtedza wabwino mumasankhira venda, wachuku uja wofwifwa wowawa nkumasinja nsinjiro zodya inuyo ndi ana. Chuku chimenecho chili ndi poizoni woononga chiwindi, kukazinga sikumuchotsa, ndipo chiwindi chomwecho ndi chimene chikulimbana ndi mankhwala tsiku ndi tsiku, pamwamba pake mwathiranso kachasu. Chilakwa chani chiwindi chanu?

Enanso akapatsidwa chiponde kuchipatala chifukwa sikelo yatsika akukagulitsa pamsika, manyazi mulibe? Madzi a pachitsime wiritsani kapena thirani kolorini, kutsegula mmimba kumakokolola zonse mwadya zija.

Bambo a pa Kamwendo inu mukudzidziwa, thumba limodzi la mtedza wosankha litsale mnyumba. Loweruka ndidutsa, ndizafuna ndilione ndi maso angawa.