Wodwala TB wogona pakhonde mumpatse kiyi wa chitseko

Magulu a anthu akufuna kwabwino akamayenda usiku kugawa mabulangete ndi chakudya kwa anzathu ogona m'misewu, ine sinditsutsa. Njala ndi kuzizira sizidikira msonkhano. Koma ndinene mosapsatira: gulu likatha zaka zisanu likugawa mabulangete kwa anthu omwewo pakhonde lomwelo, lidzifunse ngati ntchito yake ikupita kutsogolo.

Taonani za TB. Mankhwala ake amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, mitundu inayi m'miyezi iwiri yoyamba, mitundu iwiri m'miyezi inayi yotsala. Munthu wogona panja amayamba bwino ndithu. Pakatha milungu ingapo chifuwa chimaleza, kenako chikwama chabedwa ali m'tulo, kapena mvula yanyowetsa mapiritsi, kapena wathamangitsidwa pamalo ake n'kukapezeka kutali ndi chipatala chomwe chili ndi kadi yake. Akadukizadukiza chonchi, tizilombo timasiya kumva mankhwala, ndipo TB yotereyo kuichiza kwake n'kovuta, kodula. Mukamutenga n'kukamuika m'holo yogona anthu 50 yopanda mawindo otsegula, mwapereka matendawo kwa enawo.

Wodwala shuga naye ali pamoto womwewo. Insulin yosatsegula imasungidwa mufuriji, pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikakhala padzuwa imatha mphamvu. Kachilonda ka kuphazi kamene kakanapola posambitsa ndi kumanga kamafika podulitsa mwendo, chifukwa mwini wake amayenda tsiku lonse ndi nsapato zonyowa ndipo alibe pogoneka mwendowo. Ku England ndi Wales, ofesi ya boma yoona za ziwerengero inapeza kuti anthu opanda pokhala ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 45. Zaka zoti munthu akadalera ana.

Kwa nthawi yaitali mabungwe ankati nyumba ndi mphoto. Yamba wasiya mowa, umwe mankhwala a matenda a maganizo, ukhale wosunga mwambo kumalo ogona a gulu, ndiye tione. Ambiri ankagwera panjira. Mu 1992 katswiri wa za maganizo Sam Tsemberis anayambitsa bungwe la Pathways to Housing ku New York n'kutembenuza ndondomekoyo: munthu alowe kaye m'nyumba yake, asainire pangano la lendi ngati wina aliyense, azilipira 30 peresenti ya ndalama zomwe amapeza, thandizo la zaumoyo limutsatire komweko popanda kumukakamiza. Ndiyo njira imene imatchedwa Housing First. Dziko la Finland linaitenga kukhala ndondomeko ya boma mu 2008, mothandizana ndi bungwe la Y-Foundation lomwe limagula ndi kumanga nyumba kuyambira 1985. Malo akuluakulu ogona usiku umodzi ku Helsinki anawasandutsa nyumba za munthu payekha. M'dziko lonselo anthu opanda pokhala anali oposa 18,000 mu 1987, koma pofika 2022 anali osakwana 4,000.

Apa ndichenjeze anzanga amene amaigulitsa njirayi ngati mankhwala a matenda onse. Kafukufuku wamkulu wa ku Canada, At Home/Chez Soi, wa 2009 mpaka 2013, anatsata anthu pafupifupi 2,000 m'mizinda isanu. Opatsidwa nyumba anakhazikika kwambiri kuposa anzawo amene anangolandira thandizo la masiku onse, izo n'zosakayikitsa. Koma pa nkhani ya mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Denga silichiza uchidakwa. Chimene limachita n'kupatsa namwino khomo logogodapo, ndi wodwala posunga mapiritsi ake.

Nanga gulu laling'ono lopanda ndalama za boma lingayambe pati? Pa mndandanda wa mayina. Kunena kuti m'dera muno muli anthu 60 ogona panja sikuthandiza aliyense. Lembani munthu aliyense, atavomera yekha: dzina, pamene amagona, wakhala panja nthawi yaitali bwanji, amadwala chiyani, ali ndi chiphaso kapena ayi. Muziuonanso mwezi ndi mwezi, olowa angati, otuluka angati. Madera a ku America omwe ali mu Built for Zero, ndondomeko yothetsa vuto la kusowa pokhala, amagwira ntchito chonchi. Mndandandawo ukhale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu okha, chifukwa muli matenda a anthu.

Nyumba yoyamba ipite kwa wodwalitsitsa ndi amene wakhalitsa panja. Mtima umakokera kwa waulemu, wosavuta, woti adzaoneka bwino pachithunzi cha lipoti, koma ameneyo nthawi zambiri akanadzipezera yekha pokhala.

Eni nyumba ndiwo pagona nkhani. Amaopa zinthu ziwiri, lendi yosabwera ndi katundu wowonongeka. Gulu lisunge thumba lokwana lendi ya miyezi itatu pa nyumba iliyonse, lilonjeze kukonza chowonongeka, ndipo lipereke nambala ya foni imene imayankhidwa ngakhale usiku. Musanasainire, kaoneni nyumbayo mvula ikugwa. Khoma la nkhungu, denga lodontha, chipinda chophikiramo makala chopanda potulukira utsi, zonsezi zimabwezera munthu kuchipatala. Malangizo a 2018 a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, okhudza nyumba ndi thanzi amatchula kuthithikana ndi kuzizira, ndipo amati m'madera ozizira m'nyumba musatsike pa madigiri 18.

Zambiri zimasokonekera m'miyezi itatu yoyamba. Munthu amene wazolowera phokoso la msewu ndi anzake amasowa tulo m'chipinda cha zii, ena amabwerera kukagona panja kiyi ali m'thumba. Kapena anzake akale amamutsatira, chipinda n'kusanduka pomwera, aneba n'kudandaula. N'chifukwa chake wa gulu womuyendera azifika kamodzi kapena kawiri pa mlungu, ndipo asasenze anthu oposa 10 ngati ali odwala kwambiri. Munthu akathamangitsidwa m'nyumba yoyamba, mumupezere yachiwiri, dzina lake lisafufutidwe. Ndipo musayambe ndi ndalama za chaka chimodzi chokha. Bola kulowetsa anthu atatu amene mungawayendere zaka zitatu kusiyana ndi 20 amene mudzawatulutse thumba likauma, wa TB uja ali pa mwezi wachinayi wa mankhwala.