Gemu ikakana kulumikizana m'chipinda chimodzi, bandulo si mankhwala ake

Lero ndili ndi inu anyamata amene mumasonkhana ndi malaputopu Loweruka masana kuno ku Kasungu, kaya ndi pa boma, pa Chinkhoma kapena ku Santhe, kudzaswana pa Counter-Strike kapena kumanga limodzi mu Minecraft. Gemu ikangokana kuonetsa seva ya mnzanu, mumathamangira kunena kuti netiweki yavuta, wina n'kudzuka kukagula bandulo. Ndalama imeneyo bola mukanagulira chipisi. Kupatula magemu ofuna kuti mulowe kaye mu akaunti, kusewera pa LAN, netiweki ya makompyuta amene ali pamalo amodzi, sikufuna intaneti. Makompyutawo akulankhulana okhaokha kudzera pa rauta ili patebulo pomwepo, ndipo nsanja ya mafoni sizikuikhudza n'komwe.

Yambani ndi manambala. Pa Windows tsegulani cmd, lembani ipconfig, muone mzere wa IPv4 Address, yomwe ndi nambala ya kompyuta yanu pa netiweki. Pa rauta wamba ya kunyumba, wina akakhala ndi 192.168.1.5, mnzake akuyenera kukhala ndi 192.168.1 yemweyo, kusiyana nambala yomaliza yokha: mudzi umodzi, nyumba zosiyana. Mukapeza kuti wina ali ndi 192.168.43, dziwani kuti laputopu yake yadzilumikiza ku hotspot ya foni m'malo mwa rauta yomwe enanu mulipo. Mudzasakana mpaka dzuwa kulowa osaonana. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo yasowa woipatsa nambala, yangodzipatsa yokha. Onani ngati kebulo yalowa bwino, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito switch (kabokosi kolumikizira makebulo a makompyuta) yopanda rauta, lembani manambala pamanja: uyu 192.168.1.10, uyo 192.168.1.11, subnet mask 255.255.255.0 nonse. Komanso magetsi akathima n'kuyakanso, rauta itha kugawa manambala mwatsopano, choncho ya dzana musaidalire.

Pomwe ndimasemphana ndi akatswiri athu a m'makwalalamu ndi pa firewall, mlonda wa pa kompyuta amene amasankha zolowa ndi zotuluka pa netiweki. Langizo lawo ndi limodzi basi: "Ingoithimitsani yonse, aise." Zoona, gemu imatheka. Koma laputopu yomweyo ndi imene mumalembera asainimenti, momwemo muli zithunzi ndi mapasiwedi, ndipo mawa mukailumikiza pa WiFi ya anthu ambiri mutaiwala kuyatsanso. Ine ndimati umenewo ndi ulesi wovala jekete la ukatswiri. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti tsiku loyamba kutsegula gemu, Windows inafunsa ngati muilole kudutsa, inu chifukwa cha phuma n'kudina Cancel. Kapena netiweki yanu inalembedwa kuti Public, pomwe Windows imatseka zambiri, ngakhale ping, yoyesera ngati kompyuta ina ikumveka, siyankha. Netiwekiyo isintheni ikhale Private, mupite pa Allow an app through firewall, muchonge gemuyo. Chofunika kwambiri ndi kompyuta ya amene watsegula seva, chifukwa ndiye amene akulandira alendo.

Zonsezo zili bwino koma simukuonanabe? Marauta ena ali ndi AP isolation, yomwe imaletsa zipangizo za pa WiFi imodzi kulankhulana, makamaka pa WiFi ya alendo, ya Guest. Ithimitseni, apo ayi gwirani kebulo. Ine ndimakonda kebulo: imafika mamita 100, ndipo gemu sidodoma ngati pa WiFi. VPN nayonso, amene anaiyatsa aithimitse kaye.

Ndiye pali ija yoti aliyense anaitenga gemu pa flashi ya munthu wake. Dzina limodzi, koma version yosiyana. Minecraft ya 1.20 silowa mu dziko lotsegulidwa ndi 1.19, ndipo wina akaika ma mod, zowonjezera za pa gemu, omwe anzake alibe, akhoza kukanidwa pakhomo. Gwirizanani imodzi musanakhale pansi.

Musamangodikiranso kuti seva ionekere yokha pa mndandanda, chifukwa mndandandawo umatha kukhala wopanda kanthu njira ili yotsegula. Pa Counter-Strike tsegulani console, polembera malamulo mu gemu, mulembe connect 192.168.1.5:27015, kuika nambala ya mwini seva. Pa Minecraft ya Java, mwini dziko akadina Open to LAN, nambala ya port, khomo lolowera ngati 27015 ija, imaoneka pa chat, ndipo imasintha akatseka n'kutsegulanso. Aiwerenge mokweza, enanu pa Direct Connection muyambe kulemba nambala ya kompyuta yake, kenako timadontho tiwiri (:) ndi nambala ya port ija.