Pulogalamu ikagwa mutakweza NumPy, musangothawira ku yakale

Anzanga amene mumasanthula deta ndi Python, pali mankhwala amene tikupatsana kwambiri ndipo akundidetsa nkhawa. Wina akangodandaula kuti zinthu zagwa atakweza NumPy, laibulale ya Python yowerengetsera manambala, yankho limabwera msanga: bwererani ku NumPy yakale ya 1.26.4, basi. Amagwiradi ntchito, inenso ndinamwako. Koma amangoziziritsa mutu, malungo ali m'thupi.

Ine zinandigwera usiku ndikumalizitsa kuwerengera mvula ya zaka zingapo. Ndinaika laibulale ina yatsopano, pip, chida choikira malaibulale, n'kukokera limodzi NumPy 2.0. Mzere woyamba weniweni, import pandas, sikirini inadzaza ndi mawu ofiira, pansi pake palembedwa "numpy.dtype size changed, may indicate binary incompatibility. Expected 96 from C header, got 88 from PyObject". Mtima unagunda, ndinkaganiza kuti mafayilo anga aonongeka. Ayi ndithu, deta inali bwinobwino.

Nkhani yake ndi iyi. Mbali zina za pandas ndi SciPy, malaibulale odalira NumPy, zinalembedwa m'zilankhulo za pakompyuta za C ndi Cython, ndipo zimamangidwa molingana ndi mmene NumPy ilili mkati mwake. NumPy 2.0 inatuluka pa 16 Juni 2024, kusintha kwakukulu koyamba chitulukireni 1.0 mu 2006, ndipo mkatimo munasinthidwa. Loko ndi watsopano, kiyi ndi wakale. Mukakweza pandas kufika 2.2.2 ndi SciPy kufika 1.13, chitseko chimatseguka. Mayina amene anachotsedwa, monga np.NaN ndi np.float_, savuta: mumalemba np.nan ndi np.float64, ndipo Ruff, chida chofufuza zolakwika m'pulogalamu, ili ndi lamulo la NPY201 lokupezerani malo otere.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Pulogalamu yogwa imakuuzani kuti pali vuto. Nanga yosagwa? NumPy 2.0 inasinthanso mmene mitundu ya manambala imasakanikirana, zimene amazitcha NEP 50. Tengani nambala imodzi ya mtundu wa uint8, monga kuwala kwa kadontho kamodzi pa chithunzi cha setilaiti, ikhale 200, muonjezere 100. Kale yankho linali 300. Tsopano ndi 44, chifukwa uint8 imalekezera pa 255, ikasefukira imayambiranso pa 0. Kachenjezo kamatuluka, inde, koma ndi angati mwa ife amene tinazimitsa machenjezo kalekale kuti notibuku ioneke yoyera? Nambala imodzi ya mtundu wa float32 ndiye sinena n'komwe: kuiphatikiza ndi 3.0 kale kunkapereka float64, mtundu wosunga manambala ambiri a kumapeto, lero imakhalabe float32, manambala a kumapeto n'kusiyana mwakachetechete. Zoterezi zimakalowa mu lipoti, lipotilo n'kukafika kwa anthu opanga ziganizo zokhudza miyoyo ya ena.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zokhalira pa 1.26.4 mpaka kalekale. Tsiku lina mudzakakamizika kusamuka muli pa changu, ndipo simudzapeza mpata woyerekeza chilichonse.

Ngati lipoti likufunika mawa, bwererani ku yakale, palibe cholakwika. Koma sabata yomweyo lembani pip freeze musunge mndandanda wa malaibulale amene muli nawo, mutsegule environment ina, kutanthauza malo a padera oikamo malaibulale, muikemo zatsopano zonse, muyendetse ntchito imene mukudziwa kale mayankho ake, machenjezo ali oyatsa. Ine ndinaika matebulo awiri a mayankho, la NumPy yakale ndi la yatsopano, pambalipambali n'kuchotsera lina ku linzake. Pamene panatsala nambala yosakhala 0 ndi pamene ndinayambira kufufuza.